KACITSULO KA PAKHOSI PA GALU

Galu ali ndi nzeru zambiri. Adziŵa liu la mbuye wace pakati pa khamu la anthu, anunkhiza mapazi a gwape amene anapita usiku, ndipo alonda khomo pamene eni nyumba ali m'tulo. Koma cinthu cimodzi sangathe: sangachule dzina la mudzi wace. Mwana akasokera alira, nanena kuti, "Kwathu ndi kwakuti." Galu akasokera angoyang'ana anthu m'maso, lilime liri kunja. Cifukwa cace anthu osamala amangirira kacitsulo pa lamba wa pakhosi pa galu wao, nalembapo mau oŵerengeka akumlankhulira iye. Nkhani iyi ndi ya mnyamata wina amene anaphunzira mau oyenera kulembedwa pamenepo.

Mnyamatayo anali wa Giredi 6, ndipo analikukhala ndi amace ndi agogo ace aamuna m'mudzi wina wa ku Katete, m'cigawo ca Kum'maŵa. Tsiku lina amalume ace anampatsa kamwana ka galu kofiirira, ka phazi limodzi loyera. Agogo anakapatsa dzina lakuti Dekhani, pakuti makolo anazoloŵera kupatsa agalu maina okhala ndi uthenga, kuti poitana galu alangize nao anansi.

Dekhani atakwanitsa miyezi itatu, alangizi a ziŵeto anafika pa bwalo la sukulu kudzabaya agalu katemera wa ciwewe. Mlangizi anapatsa mnyamata pepala lolembedwa dzina la mwini galu, maonekedwe a galu, ndi tsiku la katemera. Anati, "Lamulo la dziko la Zambia lifuna kuti galu alembedwe ndi kubayidwa. Usunge bwino pepala ili, ndipo caka ca maŵa ubwere nayenso. Koma pepala likhala m'nyumba, galu ayenda m'chire. Umpangire cizindikiro ca pakhosi."

M'mizinda tizitsulo totere tigulidwa m'sitolo, ndipo zilembo zace zizokotedwa ndi makina. Ku mudzi kunalibe zimenezo, koma agogo anali mmisiri wokhoma ndowa pa unyamata wao. Anatenga cibvundikiro ca poto wakale, nadulapo kacidutswa kocepera bokosi la macesi. Anakanola m'mbali pa mwala kuti kasaceke khungu, naboola pamwamba ndi msomali. Pamenepo anati, "Tsopano, mdzukulu wanga, lemba pa pepala mau amene tidzakhomapo."

Mnyamata analemba mokondwa. Anayamba ndi dzina la Dekhani, nalembanso miyezi yace, dzina lace la iye mwini, dzina la sukulu yace, ndi mau akuti, "Galu wodziŵa kugwira akalulu." Agogo anayang'ana pepalalo, naseka.

"Kodi ulikulemba kalata ya ku Lusaka? Tandiuza, kacitsulo aka adzaŵerenga ndani?"

"Ine, agogo."

"Iai. Iwe galu umdziŵa kale. Adzaŵerenga ndi mlendo, munthu amene sanamuonepo. Adzaŵerenga ali coŵerama, ali ndi mantha, galu alikutukutuka m'manja mwace. Munthu wotere alibe nthaŵi ya nkhani zako. M'mtima mwace muli mafunso atatu okha: Galu uyu ndi wa yani? Mwini wace ndimpeza bwanji? Kodi galuyu alibe ciwewe? Ukayankha atatu amenewo, watha."

Tsono anayamba ndi funso loyamba. Anagwirizana kulemba dzina la agogo, cifukwa dzina la munthu wamkulu lidziŵika kutali, ku msika ndi ku bwalo la mfumu, pamene la mwana lithera pa malire a mudzi. Ndiponso si nzeru kuuza mlendo ali yense dzina la mwana ndi sukulu imene apitako. Pansi pace analemba dzina la mudzi ndi liu lakuti KATETE, popeza midzi yofanana maina ndi yambiri. Munthu wa mu mzinda akadalemba nambala ya nyumba ndi dzina la komboni, monga Matero kapena Kanyama.

Pa funso laciŵiri analemba nambala ya lamya ya amai. Nambala ya lamya ya m'manja ya m'Zambia iri ndi ziŵerengero 10, ndipo cimodzi cikalakwika zonse zafa. Cotero mnyamata anaiŵerenga kaŵiri mokweza agogo asanagwire nyundo. Amai anati, "Lamya yanga ikhala masiku yosazima moto kodi? Lembaninso ya alongo anga." Anailemba kuseri. Ndipo popeza dziko la Katete lifika ku malire a Mozambique, agogo anaika +260 m'malo mwa 0 woyamba, kuti ndi munthu wa kutsidya la malire yemwe athe kuimba.

Pa funso lacitatu anakhoma liu limodzi, KATEMERA, ndi caka cimene galu anabayidwa.

"Nanga dzina la Dekhani?" anafunsa mnyamata, nkhope itagwa.

"Ena alemba, ndipo palibe mlandu," anatero agogo. "Koma malo ndi ocepa, ndipo dzina la galu silibweza galu. Mbala ikalidziŵa idzamuitana nalo ngati mwini wace. Za akalulu zija usalembe konse. Wolengeza kukoma kwa mbuzi yace pa njira aitana fisi."

Anakhoma zilembo zazikulu ndi nsonga ya msomali, kadontho ndi kadontho, kufikira dzuŵa linapendeka. Mnyamata sanakondwe kwenikweni. Anaona kuti kacitsuloko kanali kouma, kopanda mau okometsa.

Inapita miyezi, Dekhani nakula. Itatha nyengo yokolola, amalume ananyamula cimanga pa ngolo kunka naco ku Katete, ndipo galu anatsata mobisala pansi pa ngoloyo. Anali asanaonepo mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Lole ina itaomba lipenga lace pafupi, Dekhani anadzidzimuka, nathaŵa cothaŵa pakati pa anthu ndi njinga, osaonekanso. Amalume anafunafuna kufikira madzulo, nabwera okha.

Masiku aŵiri mnyamata sanadye nsima bwino. Anayenda m'madimba ndi m'mphepete mwa mitsinje alikuitana, mpaka mau ace anasasa. Anadziŵa cimene cigwera galu wacilendo m'midzi ya eni.

Tsiku lacitatu Dekhani anafika pa citsime ca mudzi wina wakutali. Anali wowonda, wa minga m'mapazi, alikupuma ŵefuŵefu, malobvu alikutuluka ndi ludzu. Kamtsikana kena kanafuna kumpitikitsa pa ndowa ya amace, ndipo kanamgwira mcira. Galu anatembenuka ndi mantha, nakaluma pang'ono pa katumba. Pomwepo mfuu inamveka: "Galu waciwewe! Galu waciwewe!" Amuna anatuluka ndi zibonga ndi mipini, ndipo Dekhani anathaŵira pansi pa nkhokwe.

Anthu aja asayesedwe ankhanza, pakuti mantha ao anali ndi maziko. Ciwewe ndi nthenda yoopsa koposa. Tizilombo tace tikhala m'malobvu a nyama yodwala. Tikaloŵa pa bala tiyenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku bongo, ndipo zizindikiro zikaoneka munthu sacira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liŵerengera kuti anthu monga 59,000 afa ndi ciwewe caka ndi caka, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse aitenga kwa agalu, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa ciwewe, 4 ndi ana osafika zaka 15.

Koma nthendayi iri ndi mpanda woichinga. M'mwezi wa July 1885 Louis Pasteur, wa ku France, anabaya katemera mnyamata wa zaka 9 dzina lace Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu waciwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo caka ndi caka maiko akumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe pa tsiku limenelo. Akatswiri apeza kuti agalu 7 mwa 10 ali onse akabayidwa, nthendayi isoŵa poyenda. Ndico cifukwa cace liu lija lakuti KATEMERA liri lolemera m'maso mwa mlendo.

Pakati pa phokoso lija panali mai wina wacikulire amene anaŵerama kusuzumira pansi pa nkhokwe. Anaona kanthu kalikuŵala pakhosi pa galu. Anakweza dzanja nati, "Taimani, ana anga. Galu uyu ali ndi mwini. Kuona maso a nkhono nkudekha." Anaponya mkute wa nsima, galu naturutsa mutu. Mwamuna wina anamkola ndi cingwe ca pa nsonga ya mtengo, namphimba kukamwa ndi thumba. Maso a mai uja anali ofooka, tsono anaitana mdzukulu wace wa pa sukulu. Mtsikanayo anaŵerenga mokweza dzina la mwini, dzina la mudzi, nambala, ndi liu lakuti KATEMERA pamodzi ndi caka cace. Zibonga zinatsika pansi.

Anaimba nambala yoyamba, koma inali cete, pakuti lamya ya amai inali itatha moto. Anatembenuza kacitsulo, naimba yaciŵiri. Amalume anayankha.

M'menemo amace a kamtsikana kolumidwa sanakhale cabe. Anatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri othira kwa mphindi 15, napita nako ku cipatala tsiku lomwelo. Anacita bwino. Pa citsulo munthu ali yense akhoza kukhoma mau amene afuna. Kacitsulo kaletsa cibonga, koma sikaloŵa m'malo mwa dokotala. Wolumidwa ndi galu, wa cizindikiro kapena wopanda cizindikiro, ayenera kutsuka bala ndi kuthamangira ku cipatala.

M'maŵa mwace agogo ndi mnyamata anafika pa njinga, pepala la katemera liri m'thumba. Mnyamata ataona galu wace womangidwa pa mtengo, anthu atamzinga, anafuula, "Dekhani! Dekhani!" Mwamuna wina anayankha, "Tadekha kale, mwanawe, sitinamcite kanthu." Koma ataona galu alikudumpha ndi kugwedeza mcira, anazindikira kuti linali dzina, ndipo onse anaseka.

Mfumu ya mudzi inaŵerenga pepala, niona kuti ligwirizana ndi mau a pa kacitsulo. Pepalalo analitumiza ku cipatala kuti aone. Mlangizi wa ziŵeto analamula kuti galu akhale womangidwa masiku 10, pakuti galu amene ali ndi ciwewe m'malobvu pa tsiku loluma adwala kapena kufa masiku amenewo asanathe. Agogo anagwada pamaso pa makolo a mwana, napereka nkhuku yopepesera, nabweza ndalama za ulendo wa ku cipatala. Dzina lolembedwa pakhosi pa galu libweza galu kwao, komanso liitana mwini ku mlandu. Wolilemba abvomera zonse ziŵiri, monga anena akulu kuti walira mvula walira matope.

Masiku 10 anatha, Dekhani ali wamoyo ndi wonona, ndipo bala la kamtsikana linapola. Pobwerera kwao mnyamata anagwira kacitsulo kaja nakayang'anitsitsa. Zonse zimene iye anafuna kulembapo sizikadathandiza pansi pa nkhokwe paja. Anati, "Agogo, mukadapanda kukana, tikadadzaza malo ndi akalulu." Agogo anangomwetulira, nati, "Mau a akulu akoma akagonera."

Kuyambira pamenepo mnyamata anasamala kacitsuloko monga asamala mabuku ace. Loŵeruka liri lonse anakapukuta, nayesa waya wace ngati uli wolimba. Anayesanso lamba polowetsa zala ziŵiri pakati pa lamba ndi khosi, kuti asathine kapena kubvuka. Galu atabayidwanso caka cotsatira, anakhoma kacitsulo katsopano ka caka catsopano. Ndipo amalume atasintha nambala yao, anacitanso cimodzimodzi tsiku lomwelo, pakuti cizindikiro conena zakale cisokeretsa woŵerenga.

Masiku ano madokotala a ziŵeto a m'mizinda ikuluikulu akhoza kuika pansi pa khungu la galu kanthu kakang'ono ngati kambeu ka mpunga, kosunga nambala yace. Kameneko sikagwa ndipo sikafafanizika, koma kaŵerengedwa ndi makina okha. Pa citsime ca ku mudzi palibe makina otere. Pali mwana wa sukulu wodziŵa kuŵerenga, ndipo kwa iye mizere inai yoona ndi yooneka bwino ikwanira.

MAFUNSO

1. Chulani mafunso atatu amene ali m'mtima mwa munthu wotola galu wosokera.
2. Cifukwa ninji agogo anakana kulemba dzina la mnyamata ndi la galu?
3. Kodi munthu wolumidwa ndi galu ayenera kucita ciani poyamba?
4. Jambulani kacitsulo m'buku lanu, ndipo mulembepo mau oyenera galu wa kwanu.