Mwana Wokana Nsima Nkhokwe Ili Yodzaza

M'masiku a ubwana wanga, pamene dziko lino linali litangolandira kumene ufulu wodzilamulira, munthu akabwerako ku Joni kapena ku Halale masaya ali tutumu, khosi litapinda mizere, akuluakulu a m'mudzi ankamulonjera ndi mawu amene pa nthawiyo anali ulemu woposa ulemu wina uliwonse, amvekere, "Mwanenepatu, bambo, kumene munaliko kunakuyanjani". Ndipo mkazi amene chaka chinkamuthera pabanja thupi lake lisanadzaze, ankhoswe ankayamba kunong'onezana, kufuna kudziwa ngati mwamunayo anali kumusamala. Makolo athu, amene anaiona ndi maso awo njala ya 1949, nakumba mizu m'thengo kuti ana alawe kanthu, sakadakhulupirira kuti kudzabadwa mwana wokana nsima nkhokwe ili yodzaza; koma ine, amene ndakalambira pa ntchito yosunga atsikana pa sukulu yogonera komweko, ana otere ndawaona.

Kuwonda tinkakudziwa pamodzi ndi eni ake a mlandu. Mwana akayamba kufota, agogo ankayang'ana kunkhokwe; akapeza kuti chimanga chilimo, ankatembenukira kwa bambo ndi mayi, kufunsa amene wamsempha mwanayo, pakuti tsempho linali mlandu wa akulu wogwera pa thupi la wamng'ono. Kenaka, kuyambira 1985, chaka chimene Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno, kunadza kuwonda kumene kunatidzaza ndi mantha onga a Farao polota ng'ombe zowonda zija. Kaliwondewonde anakhala dzina lonong'ona, ndipo ndikukumbukira aphunzitsi anzanga amene ankadzikakamiza kudya kopyola muyeso, kuti anthu pa msewu angawaloze chala. Njala ya 2002 inabweretsanso madeya m'miphika. Pamene boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ndi kuona odwala amene tinali titawataya mtima akubwezanso thupi, tinatsimikiza mumtima kuti munthu wowonda ndiye wosowa chakudya kapena wosowa mankhwala, ndi kuti ukampatsa ziwirizi wamaliza. Maso athu anaphunzira pamenepo, naima pomwepo.

Komatu kutsidya kwa nyanja nthenda ina inali itadziwika kalekale. Mu 1873 dotolo wa ku London, William Gull, anafotokoza za atsikana odzimana chakudya mpaka kutsala mafupa okhaokha, chikhalirecho m'matupi mwawo simunapezeke nthenda ina, ndipo vutoli analitcha anorexia nervosa. Mu 1979 Gerald Russell anafotokoza za mbale wake, bulimia nervosa, imene wodwala amadya mosadziletsa pa kanthawi kochepa, nadzisanzitsa pambuyo pake chifukwa choopa kunenepa. Ngakhale Diana, mkazi wa ku nyumba yachifumu ya ku Mangalande, anaulula poyera mu 1995 kuti anadwalapo nthenda yachiwiriyi. Ife tikamva zimenezi pa wailesi tinkapukusa mitu, tikuti ndi matenda a azungu okhuta, osadziwa kuti mu 1984 madotolo anali atalemba kale za mtsikana wachikuda wa ku Zimbabwe amene anagwidwa ndi anorexia.

Nkhani imene inanditsegula maso koposa ndi ya ku zilumba za Fiji, kumene anthu ankalemekeza thupi lodzaza monga momwe ife tinkachitira. Wailesi yakanema itafika m'dera la Nadroga mu 1995, Anne Becker ndi anzake anafunsa atsikana a kusekondale, ndipo sanapeze ndi mmodzi yemwe wodzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Pobwereranso mu 1998 anapeza kuti atsikana 11 mwa 100 alionse anali kuchita zimenezo. Kwathu kuno wailesi yakanema ya dziko inayamba mu 1999, ndipo lero mwana wa Fomu 2 amagona ndi lamya m'manja, imene imamuonetsa usiku wonse matupi osalazidwa ndi makina, kufikira atayamba kunyansidwa ndi thupi limene Mulengi anamuumbira. Alipo anzanga amene amaloza chala mathalauzi, nalakalaka lamulo la kavalidwe la 1973 litabwereranso. Ine sindili nawo kumeneko, pakuti nthendayi ndaiona ndi mwa atsikana a chitenje chofika m'mapazi. Ndiponso chithunzi pachokha sichidwalitsa mwana aliyense. Chimapeza malo mwa mwana wankhawa, wofuna kukhoza zonse popanda banga, wotonzedwa ndi anzake, kapena wosenza chisoni chimene alibe wochitulira.

Chinanso chimene chasintha ndi kadyedwe kathu, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umalemera. Kale tinkadyera mbale imodzi, atsikana ndi amayi awo pamkeka kuseri kwa nyumba, anyamata ndi abambo pabwalo, kotero kuti dzanja limene lachedwa kubwerera m'mbale linkaoneka nthawi yomweyo, ndipo mayi ankadziwa nthongo za mwana wake aliyense ngakhale sanali kuziwerenga. Lero aliyense ali ndi mbale yake, nthawi yake, ndipo ena chipinda chawo. Mayi afika madzulo atatopa, afunsa ngati mwana wadya, mwana ayankha kuti, "Ndadya kale, amayi," nkhani n'kuthera pomwepo. Kusukulu yogonera, kumene ana mazanamazana amalandira nsima ya nyemba pamzere, mtsikana wopatsa mnzake mtanda wake tsiku ndi tsiku amatamandidwa kuti ngwopatsa, ndipo temu imatha popanda woona kuti iyeyo sakudya.

Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthenda iyi imafuna kudekha kotero, chifukwa imabisala m'makhalidwe amene timawayesa abwino. Mwana amene kale ankathamangira kumphika amayamba kukonda kuphikira ena, kugawa ndiwo, kutsuka mbale, koma iye osakhala pansi. Akaumirizidwa kukhala, amatema kanthongo kakang'ono, n'kumakaumba nthawi yaitali, kukazunguza m'msuzi, kufikira anzake atasamba m'manja. Amasiya nsima, mafuta, shuga, mandasi, chimodzichimodzi, nthawi zonse ali ndi chifukwa chomveka. Amathamanga m'mamawa ngakhale atadwala, amaima pagalasi n'kumadzitsina m'mimba, ndipo ukamuuza kuti wawonda amakondwa kapena kukana kwamtuwagalu, pakuti m'maso mwake adakali wonenepa. Pambuyo pake thupi limayamba kuchitira umboni: avala juzi m'mwezi wa Okutobala dzuwa lili phwee, manja ali zii, tsitsi likuthothoka, pamikono ndi pamsana patamera ubweya wofewa, chizungulire chimugwetsa pamzere wa m'mawa, ndipo amasiya kupita kumwezi. Chomalizachi ndicho chasocheretsa mabanja ambiri, pakuti mtsikana akasiya kusamba ndi kumamveka akusanza, azakhali ake amathamangira kumufunsa mwini mimba, namuchititsa manyazi mwana amene sanamudziwe mwamuna.

Wa bulimia ndiye wovuta kumuzindikira koposa, popeza thupi lake kawirikawiri limaoneka labwinobwino. Iyeyu amadya nanu pamodzi, mwinanso kuposa ena, koma akangosamba m'manja amalunjika kuchimbudzi. Chakudya chimasowa m'nyumba usiku, masaya amatupa cha kumunsi kwa makutu, mano amayamba kudyeka chifukwa cha zowawasa za m'mimba, pa mfundo za zala pamakhala zipsera za mano, ndipo m'chikwama mwake mumapezeka mankhwala otsegula m'mimba kapena tiyi amene amalonda amati ngwochepetsa thupi. Musayese kuti anyamata apulumuka. Nawonso amagwidwa, kungoti manyazi awo ndi aakulu, ndipo ena amabisala m'masewera olimbitsa thupi.

Pali chobisalira china chimene ndichitchule mosamala, pakuti inenso ndine wa mumpingo: kusala kudya. Kusala ndi chinthu chopatulika kwa Akhristu ndi Asilamu omwe, koma kuli ndi tsiku loyamba ndi tsiku lomasula, ndipo womasulayo amadya mokondwa pamodzi ndi abale. Danieli ndi anzake, atakana zakudya za mfumu masiku khumi, anaoneka athanzi kuposa anyamata ena. Koma mwana amene kusala kwake kulibe malekezero, amene amatuluka m'kusala kwina n'kulowa m'kwina thupi likunka lifota, abusa ndi amayi a mvano ayenera kumuyang'ana ndi diso lachiwiri. Ofufuza ena kumpoto kwa Ghana anapeza atsikana a kusekondale odzimana chakudya koopsa, amene sankanena za kunenepa ayi, koma za chipembedzo ndi kudziletsa.

Kholo likazindikira, mtima umathamangira kukalipa, kunena kuti ana ena akugona ndi njala pamene iwe ukuchita matama. Ena atenga chikwapu, ena apita kwa sing'anga kukafuna amene walodza mwana. Zonsezi zimangomuphunzitsa kubisa mochenjera. Awa ndi matenda a maganizo okhala ndi mphamvu yakupha, ndipo anorexia ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri, mwina mtima ukafooka, mwina mwana akadzichotsera moyo. Njira yoyamba ndi ya kuchipatala, kuti akamuyeze chifuwa chachikulu, HIV, shuga ndi njoka za m'mimba, pakuti zifukwa zakale zija sizinathe. Zikapanda kupezeka, muuzeni dotolo zonse zimene mwaona pa kadyedwe kake, musadikire kuti akufunseni, ndipo pemphani kuonana ndi a zamaganizo, amene amapezeka m'zipatala za maboma, ku Zomba Mental Hospital, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mwana amene wakhala nthawi yaitali osadya musamudzaze nsima tsiku limodzi, chifukwa michere ya m'magazi imasokonekera ndipo mtima ukhoza kuima. Chakudya chimabwezedwa pang'onopang'ono, achipatala akuyang'anira. Amene athandizidwa msanga ambiri amachira, makamaka pamene banja lonse likhala nawo pa mbale.

Kwa inu azakhali, anankungwi ndi agogo anzanga ndili ndi pempho limodzi. Moni uja wakuti "wanenepatu", umene kwa ife unali dalitso, kwa mdzukulu wa lero ukhoza kukhala chiyambi cha masabata osadya. Ndipo "wachepa bwino" ndi woopsa kuposa pamenepo. Mwana akabwera ku holide mufunseni za maphunziro ndi za anzake, za thupi lake muzisiye. Koma madzulo muyale mkeka, mudye naye mbale imodzi, ndipo muone dzanja lake.