Ulendo wa ku Mathithi a Manchewe

Tidanyamuka ku Nambuma mbandakucha, ndipo m'mawa mwake tidakwera phiri la Khondowe m'boma la Rumphi, kumene Dotolo Robert Laws adakhazika mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894. Pafupi pomwepo madzi a Manchewe amagwera m'phompho lakuya mamita 125, ndipo mkokomo wake umameza mawu a munthu.

Kuseri kwa madziwo kuli phanga, m'mene Aphoka ankabisala pothawa nkhondo ndi ukapolo. Tidalingalira kuti mkokomo womwewo ndiwo unkaphimba kulira kwa makanda awo. Pamenepo tidagwada pathanthwe lonyowa, nitipempherera mizimu yawo.

Tsono inu makolo, khanda likalira usiku m'nyumba mwanu, musanyinyirike ayi. Yamikani Mulungu, pakuti palibe mdani womubisalira.