Mitengo Ikutsika, Koma Osati pa Njira ya Kwathu

Ambiri a ife ku Kadoma ndi ku Chegutu ndife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide ku Cam and Motor ndi ku Dalny, ena kudzaomba nsalu ku David Whitehead. Agogo athu ena anafika kuno wapansi. Lero makampani a ndege akulimbirana makasitomala, koma pa njira ya ku Johannesburg.

Fastjet inayamba maulendo ake m'Zimbabwe mu 2015, ndipo mu 2023 FlySafair inalowa pa njira ya Harare kudzapikisana ndi Airlink ndi South African Airways. Nzeru ya ndege zotsika mtengo n'njodziwika: mipando yambiri, ndege yosakhalitsa pansi, ndipo amene wagula tikiti yotchipitsitsa amalipira padera sutikesi ndi chakudya. Wogula msanga ndiye amapindula. Wogula mawa likubwerali amalipira zambiri.

Mwana wanga wa ku Joni amasangalala nazo, chifukwa tchuthi chake amachidziwiratu. Ine ulendo wanga umayamba ndi uthenga wa maliro ku Ntcheu, ndipo imfa sipangana tsiku ndi munthu. Ndege za ku Lilongwe n'zochepa, mpikisano wotere sunafikeko. Ndikawerengera mtengo wa anthu atatu ndi katundu wa pamaliro, ndimakakwera basi ku Mbare, kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo nthawi zina ndimapeza ataika kale.

Makampani amatsata kumene kuli ndalama, ndipo ndalama zili kum'mwera. Manda a makolo athu ali kumpoto.