Za Chikhadabo Cholowa m'Mnofu

Akhristu anzathu, kapena mudzaseka poona kuti mphunzitsi wa Mpingo wadzaza tsamba lonse ndi nkhani ya chala cha kuphazi. Sekani ndithu. Nafenso tinkaseka ena, kufikira chala chathu chomwe chinatikhazika pansi.

Kuno ku Lisasadzi nyengo ya Lenti imagwa pamodzi ndi yothyola fodya. Munthu amavala jombo mbandakucha, nalowa m'munda mame asanakamuke, ndipo sazivula kufikira madzulo atapachika mikangala m'chigafa. Jombo zathu zinali zothina, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu tinali titachiwenga ndi lezala mozunguliza, kudulira m'mbali, monga achitira ambiri. Apo ndi pamene tinalakwa. Pakuti kansonga kakatsala m'mbalimo, pokula kamabaya mnofu monga munga, nsapato n'kumakakankhira m'kati. Tsono pabalapo pamalowa thukuta, matope ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Itatha sabata, mbali imodzi ya chala inafiira, inatupa, ndi kumagunda usiku ngati ili ndi mtima wakewake, ndipo timafinya tinayamba kuoneka.

Fodya wakupsa salinda mwini wake kuti achire. Akatekumeni a m'miphakati itatu analinso kutiyembekeza kuti tiwakonzere ubatizo wa pa Pasaka, ndipo kumeneko n'koyenda pansi. Koma chimene chinatisautsa koposa, tiulule poyera, chinali manyazi: Bambo Mfumu anali atatiwerengera pakati pa khumi ndi awiri aja osambitsidwa mapazi pa Lachinayi Loyera.

Alangizi sanasowe. Wina anati tithirepo phulusa la fodya, wina madzi a batire, winanso anati tiboole ndi phini monga pochotsa thekenya. Phini tinaitengadi, koma amayi a kunyumba anatigwira mkono, nati: “Inu abambo, mumaphunzitsa anthu kupirira, nanga masiku atatu akukanikani?” Iwo anali atamva kwa anamwino kusikelo kachitidwe kake, ndipo ndi kameneka tikulemberani.

Anawiritsa madzi, nawasiya kuti akhale ofunda, oti chigongono chipirire. Anathira m'beseni loyera, nasungunulamo mchere wa m'ndiwo, masupuni aang'ono awiri pa lita imodzi. Phazi linkakhala m'menemo mphindi 15 kapena 20, katatu pa tsiku: m'mawa, masana ndi pogona. Madzi ofundawo amafewetsa khungu ndi chikhadabo, nalola mafinya kutuluka okha popanda kufinya. Pambuyo pake ankapukuta chala ndi nsalu yochapa kufikira chiume, pakuti chinyontho ndicho chimasunga bala. Tsiku lachiwiri, kutupa kutayamba kuphwa, anakankhira khungu pambali pang'onopang'ono, nalowetsa kathonje koyera pansi pa nsonga ya chikhadabo, kuti pokula idutse pamwamba pa mnofu. Kathonjeko ankakasintha tsiku lililonse. Kakagonera masiku, kamasanduka chisa cha tizilombo. Jombo tinazipachika, tinavala patapata, ndi kukhala pamthunzi kusoka fodya pamodzi ndi ana, ntchito imene kale tinkaiyesa yopepuka. Usiku woyamba tinamwa panado kuti tipeze tulo.

Pa tsiku lachitatu kugunda kuja kunaleka, ndipo itakwana sabata tinayenda kukafika kumphakati wakutali osatsimphina.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa si chala chilichonse chimene chimachira ndi mchere. Mukaona kufiira kukukwera kuphazi, mafinya akuchuluka, thupi likutentha, mwanabele watuluka m'mphechepeche, kapena papita masiku atatu popanda kusintha, lekani beseni, pitani kuchipatala chapafupi kapena kuchipatala cha boma ku Kasungu. Kumeneko ali ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo kukafunika amachititsa dzanzi chalacho ndi kudula mbali ya chikhadabo. Munthu wodwala shuga, kapena amene mapazi ake samva bwino kukhudza, kapena amene thupi lake lafooka ndi matenda ena, asayese konse kudzichiza kunyumba. Apite tsiku lomwelo. Kwa wa shuga kabala ka pachala kakhoza kudya phazi lonse iye osamva kupweteka. Ndipo dothi, ndowe kapena phulusa pabala ndiyo njira ya kafumbata.

Powenga zikhadabo, dulani mowongoka, mopingasa, nsonga za m'mbali zizioneka kunja kwa mnofu, ndipo musafupikitse kwambiri. Chikhadabo cha kuphazi chimakula pang'ono zedi, sichifika mamilimita 2 pa mwezi, kotero kulakwa kwa lezala kwa tsiku limodzi kumatenga miyezi kuti kukonzeke. Ana asukulu amene nsapato zawathina muwaone zala; iwo sanena msanga, poopa kuti mudzadandaula za ndalama.

Lachinayi Loyera litafika, tinakhala pabenchi pamodzi ndi anzathu khumi ndi mmodzi, mapazi ali pambalambanda pamaso pa mpingo wonse. Bambo Mfumu anagwada, nathira madzi, napukuta, napitirira kwa mnzathu wotsatira, osayang'ana chala chija n'komwe. Amayi a kunyumba okha, ali kumbali ya azimayi, ndiwo anasuzumira.