Mawati Ochepa, Mawu Odzaza Nyumba

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi maampulifaya, komanso kuikira anthu masipika m'nyumba zawo. Makasitomala ambiri amabwera ndi funso limodzi: "Amisiri, masipika awa ndi a mawati angati?" Ine ndimawafunsa kaye mphamvu ya ampulifaya yawo ndi kukula kwa chipinda chawo. Sipika siipanga mawati, imangolandira. Chomwe chimasiyanitsa sipika ndi inzake n'chakuti ikapatsidwa wati imodzi, imatulutsa mawu ochuluka bwanji.

Nambala imeneyi imalembedwa kuseri kwa bokosi kapena m'kabuku kake: 86 dB, 89 dB, 92 dB. Amaiyeza atapatsa sipika wati imodzi, choyezera chili pa mtunda wa mita imodzi. Kuchoka pa 86 kufika pa 92 kumaoneka ngati kusiyana kochepa, koma kuti mawu akwere ndi 3 dB yokha, mphamvu ya ampulifaya iyenera kuwirikiza kawiri. Choncho sipika ya 92 dB yopatsidwa mawati 15 imalira mofanana ndi ya 86 dB yopatsidwa mawati 60. Amene ali ndi ampulifaya yaing'ono, ndalama zake aziponye pa nambala imeneyi, ndipo ngati n'kotheka asatsike pa 90.

Ichi n'chifukwa chake ndimalimbikitsa masipika aatali, oima okha pansi. Anthu amaganiza kuti ampulifaya yaing'ono imayenerana ndi timasipika tapashelefu, koma kawirikawiri timeneti n'timene timadya mphamvu kwambiri. Josef Anton Hofmann, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya KLH ku America, anasiya lamulo lomwe amisiri timayenderabe: bezi yakuya, bokosi laling'ono, ndi kusadya mphamvu, zitatuzi sizipezekera pamodzi, umasankhapo ziwiri. Ukafuna bezi ndi mawati ochepa, bokosi likule basi. Paul Klipsch anali ataonetsa kale zimenezi mu 1946 ku Hope, m'chigawo cha Arkansas, ndi sipika yake ya Klipschorn, chibokosi choima pangodya ya chipinda chomwe chimadutsa 100 dB pa wati imodzi. Nayo ampulifaya yotchuka ya NAD 3020, yomwe inatuluka mu 1978, inali ndi mawati 20 okha mbali iliyonse, koma mpaka lero anthu amaisakasaka.

Nambala yachiwiri ndi ya ma ohm. Sipika ya 4 ohm imakoka magetsi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 8 ohm, ndipo ampulifaya yofooka imatentha mpaka kuzima yokha. Apa palinso kaukathyali koyenera kukadziwa. Opanga ena amalemba 90 dB atayeza ndi 2.83 V. Pa 8 ohm imeneyo ndi wati imodzi ndithu, koma pa 4 ohm ndi mawati awiri, ndiye kuti nambala yeniyeni ndi 87. Ine ndimayenda ndi multimeter m'thumba. Sipika ya 8 ohm imaonetsa pafupifupi 6, ya 4 ohm imaonetsa cha m'ma 3. Za mabokosi onyezimira olembedwa mawati zikwizikwi a PMPO, akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawati omwe ndimawerengera ndi a RMS.

Wa ndalama zochepa nthawi zambiri amagula masipika ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika, bola awaone bwino. Ndimayamba ndi kuchotsa kansalu kakutsogolo n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa koni. Ngati mphepetemo ndi mwa siponji, kutentha ndi chinyezi zimaiwoletsa, ndipo ukangoikhudza imanyenyeka n'kutsalira pachala. Ya mphira kapena ya nsalu imakhalitsa. Kenako ndimayala zala mozungulira pakati pa koni n'kukankha pang'onopang'ono. Iyenera kulowa ndi kubwerera mwakachetechete. Ikamveka kukhweretsa, mwina koyilo inapsapo, ndipo mtengo utsike kapena ndiisiye. Ndimagogodanso bokosi ndi nkhonya m'mbali: lolimba limayankha mawu afupi, lopepuka limalira ngati mulibe kanthu ndipo lidzasokoneza nyimbo. Pomaliza ndimaika khutu pa kasipika kapamwamba, ka twita, chifukwa n'komwe kamafa koyamba.

Chomwe chimapha twita nthawi zambiri ndi ampulifaya yaing'ono yokakamizidwa. Ukaikweza kupitirira mphamvu zake, mawu amasweka, ndipo kuswekako kumathamangira ku twita n'kuwotcha kawaya kake kopyapyala. Mawu akayamba kukanda m'makutu, bwezani voliyumu msanga.

Masipika akafika kunyumba, ntchito yafika pakati. Ndimawaika motalikirana mamita awiri kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo mpando wa womvera ndimauika pa mtunda womwewo kuchokera ku sipika iliyonse. Twita ilingane ndi khutu la munthu atakhala pansi. Ndimawatembenuzira pang'ono kumpandoko. Khoma limawonjezera bezi, zomwe zimathandiza ampulifaya yaing'ono, koma zikapyola muyezo bezi imasanduka chiphokoso chogunda pamtima. Ndimayambira pa theka la mita kuchokera kukhoma, makamaka ngati bowo la mpweya lili kuseri, n'kumasuntha pang'onopang'ono kwinaku ndikumvetsera. Nyumba zathu za simenti pansi ndi makoma osalala zimabweza mawu kwambiri. Kalipeti kapena mphasa pakati pa masipika ndi mpando, ndi makatani olemera pamawindo, zimakonza zambiri kuposa kugula chida chatsopano.

Waya wodula n'ngosafunika. Wa mkuwa weniweni wa 1.5 mm kapena 2.5 mm, wa m'sitolo ya zamagetsi, ndi wokwana. Chofunika n'chakuti kofiira kapite kofiira mbali zonse ziwiri. Zizindikiro zikafufutika, ndimatenga batire la tochi la 1.5 V n'kugunditsa mawaya kamphindi: koni ikatulukira kunja, waya womwe uli kumutu kwa batire ndiye wa kofiira. Mbali imodzi ikatembenuka, bezi imathawa ndipo mawu a woimba amabalalika. Poyesa ndimaika nyimbo ya agogo Giddes Chalamanda. Mawu awo ayenera kuima pakati penipeni pa masipika awiriwo. Bezi ndimaiyesa ndi rege ya Black Missionaries, kumvetsera ngati chingwe chilichonse cha gitala chikumveka pachokha.

Chenjezo lina ndi la magetsi. Zida zopangidwira msika wa ku Japan zimafuna 100 V, pomwe athu ndi a 230 V, choncho werengani kuseri musanalumikize. Kwa omwe amadalira sola, timaampulifaya ta Class D timayenda ndi batire la 12 V, ndipo masipika osadya mphamvu amapangitsa batirelo kukhalitsa.

Tsono mukamapita kukagula, nyamulani ampulifaya yanu ndi nyimbo yomwe mumaidziwa bwino. Wogulitsa adzafuna kukweza voliyumu, mupempheni atsitse. Sipika yomwe ikumveka yodzaza ndi yomveka bwino voliyumu ili pansi ndiyo ikugwirizana ndi mawati anu ochepawo. Igulani imeneyo, ndipo ndalama yotsalayo mugulire kalipeti.