Ulendo wa ku Mua ndi mdzukulu wosayankhula

Kwa ife a ku Dedza, kutsikira ku Golomoti kuli ngati kulowa m'dziko lina. Timanyamuka m'mawa titavala majuzi, koma tikangokhota pa Masasa n'kuyamba kutsetsereka msewu wa Khwekhwelere, majuzi aja amayamba kutilemera. Msewu umapindika ngati njoka, ndipo kunsi kumaoneka chigwa chodzaza ndi milambe. Tsikulo aliyense m'minibasi ankacheza, kupatula mdzukulu wanga wa zaka zinayi yemwe anali pamiyendo panga. Chibadwire anali asanatchulepo liwu lomveka, ngakhale loti "agogo".

Kumudzi aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati lilime lake n'lomangika, tikadulitse kamtsempha ka kunsi kwake. Ena ankanong'ona za ufiti. Ambiri ankangoti tidikire, poti amalume ake nawonso adachedwa kuyankhula. Tidadikiradi zaka ziwiri. Amene adatitsegula maso ndi namwino wina wa kusikelo, yemwe adawomba m'manja kumbuyo kwa mwanayo koma iye osacheuka. Atamuyeza makutu kuchipatala, adapeza kuti samva, ndipo adati mwina chidayambitsa ndi malungo aakulu omwe adadwala ali wakhanda. Lilime linalibe vuto. Ndi iwo adatilangiza kuti tikaone sukulu ya ana osamva ya ku Mua.

Kuchokera pa Golomoti tidalowera msewu wopita ku Salima, ndipo tisanafike pa Mtakataka tidatsika n'kukwera kabaza. Mishoni ya Mua ili m'munsi mwa mapiri. Adaikhazikitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo nyumba zake za njerwa zofiira zikadalipo. Alendo ambiri amapitako kukaona malo a zachikhalidwe a Kungoni, omwe adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, komanso zigoba za Gule Wamkulu m'nyumba ya Chamare. Ife tidangodutsa, chifukwa tinali ndi nkhani ina.

Ndinkaganiza kuti pasukulu ya ana osamva pamakhala zii. Ndidanama. Tidapeza ana akuthamangitsana, akuseka mokweza, ena akukangana ndi manja mwachangu moti maso anga sankatha kutsatira. Mdzukulu wanga, yemwe kumudzi amabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake, adaima n'kumawayang'anitsitsa.

Mphunzitsi wina wamayi adatikhazika pakhonde. Adatenga dzanja la mwanayo, kuliika pakhosi pake, n'kunena "aaa" motalikitsa. Mwana adadzidzimuka atamva kunjenjemera pa zala zake. Kenako adagwira kapepala pafupi ndi pakamwa. Akanena "phala" kapepala kankagwedezeka, akanena "pala" kankangokhala. Ine amene ndayankhula Chichewa moyo wanga wonse sindinkadziwa kuti mawu awiriwa amasiyana ndi kampweya chabe. Adandiuzanso kuti kalilole amathandiza mwana kuona mmene milomo imatsekekera ponena "ma" kapena "ba".

Koma mayiyo sadatinamize. Adati si mwana aliyense wosamva amene adzayankhule ndi pakamwa, chifukwa zimatengera kuti akumva pang'ono bwanji komanso wayamba liti kuthandizidwa. Chachikulu n'chakuti mwana akhale ndi chiyankhulo msanga, kaya cha pakamwa, kaya cha manja, kaya zonse ziwiri. Chiyankhulo cha manja si kulozaloza ayi, chili ndi malamulo ake, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likuchilimbikitsa m'dziko muno. Ubongo wa mwana umagwira chiyankhulo mosavuta m'zaka zoyambirira. Nditamva izi ndidakumbukira zaka ziwiri zija, mtima udandiwawa.

Pakhonde lomwelo ndidaphunzira kuti ntchito yothandiza anthu kuyankhula ndi yaikulu kuposa ya ana osamva okha. Pali ana obadwa ndi mlomo kapena m'kamwa mong'ambika, amene amafunika kuphunzitsidwa katchulidwe ka mawu ngakhale atawasoka. Pali achibwibwi, omwe vuto lawo limakula tikamawaseka kapena kuwamalizira mawu. Palinso akuluakulu amene adagwidwa sitiroko: nzeru zilipo, chomwe akufuna kunena akuchidziwa, koma liwu silikubwera. Enanso amavutika kumeza, amatsamwa ndi madzi. Onsewa amathandizika ndi kuyeserera kwa tsiku ndi tsiku. Tsoka lake akatswiri a ntchitoyi ndi ochepa kwambiri m'Malawi muno, ndipo amapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu. Choncho ntchito yambiri imagwera ife apakhomo: kuyankhula ndi munthuyo titayang'anizana naye, kugwiritsa ntchito mawu afupiafupi, kutchula dzina la chinthu tikuchigwira, ndi kumupatsa mpata woyankha.

Pobwerera, minibasi inkakwera Khwekhwelere movutikira, injini ikulira. Mdzukulu wanga adaika dzanja pachitseko n'kumamva kunjenjemera kwake. Kenako adalichotsa, n'kuliika pakhosi panga, akundiyang'ana m'maso. Ndidanena "agogo". Adaseka, n'kufuna kuti ndibwerezenso. Ndidabwereza mpaka pa Masasa, anthu m'galimoto akutidabwa.

Panopa kunyumba tonse tikuphunzira zizindikiro za madzi, nsima, kugona ndi zikomo, ndipo tikukonzekera zoti akayambe sukulu. Kwa makolo anzanga ndikuti: mwana akafika zaka ziwiri asakutchula mawu, kapena ngati sacheuka mukamuitanira kumbuyo, kapena khutu likamatuluka mafinya, musadikire za amalume ake. Pitani naye kuchipatala, ndipo mupemphe kuti amuyeze makutu.