Mzinda uliwonse uli ndi Kawale wake

Maulendo a ntchito amafanana ngati mandasi a mayi mmodzi. Kaya mwapita ku Blantyre, kaya ku Mzuzu, kaya kunja kwa dziko, chipinda cha msonkhano n'chimodzimodzi: matebulo ofunda nsalu zoyera, timabotolo ta madzi, maswiti m'kambale, pulojekita yomwe imayamba yavuta kaye, ndi pepala losainira alawansi lomwe aliyense amalidikira koma osafuna kuoneka kuti akulidikira. Hafu 10 tiyi, 1 koloko nkhomaliro, 4 koloko "tionana mawa." Munthu utha kukhala masiku atatu mu mzinda wa eni, n'kubwerako ndi zithunzi zodzaza foni, mzindawo osauona olo pang'ono.

Ine ndinakulira ku Kawale, ndiye ndimadziwa zomwe mlendo wa msonkhano amaona akabwera kwathu kuno. Akatsika ndege ku Lumbadzi, galimoto imamudutsitsa pa Kanengo, pa Area 18, mpaka ku City Centre. Mitengo, mipanda, maofesi otalikirana, Nyumba ya Malamulo, chiliza cha Kamuzu. Ikakwana 6 koloko madzulo akasuzumira pawindo la hotela, kunja kuli zii, ndi galu yemwe kulibe. Akabwerera kwawo amakanena kuti Lilongwe ndi mzinda wofatsa, wogona ndi nkhuku. Mnzanga wina wa ku BT amachita kundinena nazo: "Aise, kwanu kuja si tauni. Ndi mudzi wokhala ndi maloboti."

Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, pomwe Blantyre anali ndi 800,264. Anthu onsewo 6 koloko ikamakwana amakhala ali penapake. Ali pa chiwaya ku Biwi, ali pa mzere wa madzi ku Chinsapo, akukanganirana mpando wa minibasi ya ku Area 25 mu depoti, akugula tomato wa ndiwo za usiku pa msika wa ku Area 23. Ku Kawale nthawi imeneyo fumbi limakhala lili kobo, njinga zamoto piringupiringu, wogulitsa makala uku, wokonza mafoni uku, kwaya ikuyeserera nyimbo m'tchalitchi, bawo ili mkati pansi pa mtengo. Mlendo uja zimenezi sazionako, ndipo si vuto lake. Palibe msewu wake womwe umadutsa kumeneko.

N'chifukwa chake ndikafika mu mzinda wina, msonkhano ukangotha, ndimapita kwa mlonda wa pageti kapena mayi wosesa m'zipinda n'kufunsa funso limodzi: "Kodi inuyo mumakhala kuti?" Komwe anditchulireko n'komwe ndimalowera.

Ku Blantyre mlonda wake anandiyang'ana kaye kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Ku Ndirande, achimwene. Bwanji, muli ndi abale kumeneko?" Nditamuuza kuti ndikungofuna kukaonako anaseka, akuti alendo ena amafunsa njira ya ku Mandala House kapena ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, osati ku Ndix. Malo amenewo ndinapitako ndithu tsiku lina, ndipo tchalitchi chija, chomwe anachimanga pakati pa 1888 ndi 1891, n'chokongoladi moti umaiwala kujambula. Koma chomwe chinanditsalira m'mutu si njerwa zake.

Chinanditsalira ndi m'mawa wa ku Ndirande. Ndinagona kwa msuweni wanga, ndipo hafu 5 tinadzutsidwa ndi mapazi. Anthu ali m'chimzere, kutsetsereka kulowera ku mafakitale a ku Makata, ena ku Ginnery Corner, ena ku Queens kukaona odwala, mabasiketi ndi mafulasiki m'manja. Ambiri wapansi. Ku Mbayani n'chimodzimodzi: ukangotsika pang'ono, kukwera kamtunda, wafika mkati mwa tauni, ndalama ya minibasi ili m'thumba. Ndipo ukaima pamalo okwera mu tauni ya Blantyre n'kukweza maso, nyumba za anthu wamba umaziona zitakwera m'mapiri, malata ali waliwali padzuwa. Bwana wa mu ofesi ya pa Victoria Avenue sangamanamizire kuti sadziwa komwe mesenjala wake amagona. Pawindo lake pomwepo pakuoneka.

Ndisakometse mopitirira. Kuyandikira kumeneko anthu amakulipira ndi malo oopsa. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwa, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ambirimbiri n'kufa. Nyumba zomwe mlendo amazijambula kuti zikukongola m'mbali mwa phiri, eni ake mvula ikamagwa usiku sagona. Komabe ndinachoka ku Blantyre ndi kansanje. Mzinda uja unayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, unakula ndi malonda, unalumikizana ndi Limbe mu 1956, ndipo mapiri anaupanikiza moti olemera ndi osauka amapumirana m'khosi, afune asafune.

Wathuwu anachita kuujambula papepala. Boma la Kamuzu litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ngongole yoyambira ntchito inachokera ku South Africa ya nthawi ya tsankho, ndipo ojambula mapulani oyamba analinso ochokera komweko. Likulu linasamuka mu 1975. Malo analipo ambiri, osalala, ndiye chilichonse anachipatsa dera lake: maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, mabwana ku Area 10 ndi Area 43, ogwira ntchito m'boma apakatikati ku Area 18, anthu wamba kwawokwawo komwe amapatsidwa puloti kuti adzimangire okha. Pakati pa Old Town ndi City Centre anasiyapo nkhalango. Papepala ziyenera kuti zinkaoneka bwino zedi. Koma yemwe anajambulayo ndikukayika ngati anayamba wayendapo wapansi kuchoka ku Area 23 mwezi wa October.

Ngakhale manambala a madera athu amasocheretsa. Sanawapereke motsatana malo, ndiye mlendo amaganiza kuti Area 24 ndi Area 25 n'zoyandikana, pomwe ina ili kummwera, ina kumpoto kupitirira Kanengo, ndipo kuti uchoke kwina kufika kwinako umakwera maminibasi awiri. Njira zambiri zimathera mu depoti ku Old Town. Wa ku Chinsapo wogwira ntchito ku Kanengo amalowa kaye mu tauni kenako n'kutulukanso, kupita ndi kubwerera maminibasi anayi patsiku. Mafuta akakwera, kapena akasowa pa mafilingi siteshoni monga zakhala zikuchitikira zaka zino, iyeyu ndiye woyamba kumva kuwawa. Tili ndi anzathu omwe anakana ntchito, osati chifukwa malipiro kunalibe, koma atawerengetsa anapeza kuti azingogwirira kondakitala.

Anthu sanangokhala chete, mapulaniwo anawakonza okha ndi mapazi. Mgona anamera pambali pa Kanengo chifukwa ganyu ya nyengo ya fodya imafuna munthu wofika pageti kusanache. Mtandire anatsamira Area 47, Kauma anatsamira mayadi a mbali ya Area 12, chifukwa mlonda ndi wantchito wa m'nyumba sangakwere minibasi tsiku lililonse. Malo amenewa papepala loyamba lija panalibe, n'chifukwa chake misewu, ngalande ndi mipope zimafikako mochedwa, zikafikako n'komwe.

Za ku Mzuzu ndinena mwachidule, chifukwa kumeneko funso langa lija silinagwire ntchito kwenikweni. Mayi wosesa anati amakhala ku Chibavi, ndinakwera njinga ya kabaza, ija amaitcha Sacramento, ndipo ndisanamalize kuyankha "muli uli" tinali tafika. Mzinda wa anthu 221,272 sungabise munthu. Ndinadya kondowole ndi batala, kamvula kakuwaza, ndinazizidwa, ndinagula juzi ya kaunjika. Basi.

Lusaka ndiye anandipatsa zoganiza. Uku sindinapitire ntchito, ndinangosunga ndalama n'kukwera basi: Mchinji, Mwami, Chipata, kenako Great East Road yosatha ija, kupuma pa mlatho wa Luangwa pomwe amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Tinafika pa Intercity kutada, anyamata oitanira atatizinga kale, aliyense akukoka chikwama. Chomwe chimasangalatsa n'choti sufunika womasulira. Kondakitala amakufunsa, "Museluka pati, boss?" ndipo umamva kuti akufunsa potsikira. Ukayankha m'Chichewa chathu amaseka: "Imwe ba Malawi, Nyanja yanu ni ya mu Baibo." Ine wa ku Kawale, yemwe agogo kumudzi amati ndimayankhula Chichewa chowonongeka, ku Lusaka ndinasanduka m'busa.

Lusaka ndi m'bale wake wa Lilongwe kuposa momwe ndinkaganizira. Nayenso anachita kusankhidwa: atsamunda anasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone mu 1935, n'kujambula mzinda wa mitengo ndi mabwalo, wa azungu ndi maofesi awo. Anthu akuda ankakhala m'makomboni a mabwana awo, ndipo mpaka lero madera ena amatchedwa maina a azungu omwe anali eni malowo: George, John Laing, John Howard. Tangoganizani kukhala dera lotchedwa dzina la bwana wa agogo anu. Manambala athu aja ndinayamba kuwaonako bwino.

Mnyamata wa pamalo pomwe ndinagona anati kwawo ndi ku Kalingalinga, ndipo Loweruka ananditenga. Mukanandimanga m'maso n'kundimasulira kumeneko, ndikanalumbira kuti ndili pa Biwi kapena pa Mchesi. Owotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, mageti ndi mafelemu a mawindo atawaimika kudikira ogula, akalipentala, oumba njerwa za simenti, ana akuthamangitsa mpira wa mapepala. Kusiyana kwake n'koti Kalingalinga wazunguliridwa ndi ndalama. Yunivesite ya Zambia ili pafupi, mamolo a mu Great East Road ali pafupi, ndipo m'mphepete mwa msewu nyumba zakale zikugulidwa, pamalo pake pakumera maofesi ndi mashopu agalasi. Mnyamata uja anandilozera nyumba ina yosanja. "Apa panali pa ba neighbour. Banagulisa, bali ku Chongwe manje." Anazinena mosadandaula, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Ine ndi amene ndinakhala chete, chifukwa ndinaganiza za Kawale ndi Biwi, momwe zayandikirira ku Old Town, ndi momwe malandilodi ayambira kugwetsa nyumba za makolo n'kumanga mipanda yaitali yokhala ndi geti lachitsulo. Mwayi umodzi womwe ife a ku Kawale tili nawo pa anzathu a ku 25 ndi woti tauni timapita wapansi. Mwayi woterewu ukadziwika, umakhala ndi mtengo, ndipo ogula sakhala ife.

Madzulo ake ndinayenda mu Cairo Road kuchokera ku raundabauti ina kukafika ku inzake, kenako ndinalowera ku msika wa Soweto. Anthu thithithi, mawilibala, matumba a kapenta, nyimbo zikulimbana. Pamenepo Lusaka watiposa: pakati pa mzinda wake pali anthu. Ife pakati pathu pali awiri, pena pa mafayilo pena pa anthu, ndipo misewu yatsopano yomwe ikutambasulidwa, ndi ya pa Area 18 yodutsana pamwamba ija, ikufupikitsa ulendo wa yemwe ali ndi galimoto. Ndi yokongola, sindikana, inenso ndinajambulitsapo. Koma mayi wa ku Mgona wosenza beseni la zitumbuwa mtunda wake ukadali womwe uja, kungoti tsopano ali ndi msewu wotakata woti awoloke akuthamanga.

Mnzanga wa ku BT uja anabweranso mwezi watha, msonkhano wa masiku awiri ku City Centre. Tsiku lachiwiri ndinakamutenga 5 koloko, tinakwera minibasi mpaka mu depoti, n'kuyenda wapansi kudutsa pa Mchesi kulowa ku Kawale. Tinadya tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya titaimirira, tinakangana za Bullets ndi Silver ndi anthu osawadziwa, mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anamutcha "alamu" atamva kuti ndi mlendo wanga, n'kumuwonjezera kachidutswa. Sanabweze mawu ake a maloboti aja, anthu a ku Blantyre sagonja. Anangoti, "Koma apa ndiye pa Ndirande, aise," n'kuitanitsanso kanyenya wina.

Mwezi wamawa ntchito ikunditengera ku Zomba, likulu lomwe tinalilanda udindo. Pulogalamu yafika kale pa WhatsApp, ndipo tsiku lomaliza alembapo zokwera phiri kukaona damu la Mulunguzi. Ndikapita nawo. Koma ndafunsiratu kuti zopita ku Chinamwali zimakwereredwa pati.